Ndabwera Kudzakuombani

Pomutenga Rahima ku Tanga kubwera naye ku Madisi, Yakubu anamuuza kuti Chichewa n'Chiswahili chomwe, changovala chitenje china. Linali bodza la mwamuna wofuna mkazi. Miyezi inatha Rahima akungoima m'golosale yawo, kuloza sopo ndi chala, kumwetulira, wopanda woseka naye.

Kuseri kwa nyumba kunali mpanda waudzu, wa mtundu uja ukusowa masiku ano poti aliyense akudzitsekera m'njerwa. Kutsidya kwake kunkakhala mayi Agnesi, alimi a mtedza, omwe phwete lawo linkamveka mpaka kumsewu wa ku Kasungu. Rahima ankalisirira phwetelo monga momwe munthu wosala kudya amasiririra fungo la kanyenya.

Tsiku lina Yakubu atapita ku Lilongwe kukaoda katundu, Rahima anafuna kukazinga zitumbuwa za mpunga zakwawo, koma sefa inali itang'ambika. Anadzilimbitsa mtima, nazungulira mpanda uja.

"Odi!"

"Fikani, mayi a kugolosale," anatero mayi Agnesi, akuswa mtedza pakhonde.

Rahima anagwada mwaulemu monga anaonera akazi akuno. Kwawo kupempha amati kuomba, ndiye mawuwo anangowaveka Chichewa.

"Amayi, ndabwera kudzakuombani."

Mtedza unagwa m'manja. "Kudzandiomba ine? Ndalakwanji?"

"Pang'ono chabe. Ndikamaliza ndibweza."

"Bambo a Festus, tamvani kuno! Akuti andiomba, kenako abwezanso!"

"Mfuti ali nayo?" anafunsa amuna awo ali m'chigafa cha fodya, osasuzumira n'komwe. "Ngati alibe, musandisokoneze."

Mawu oti mfuti Rahima ankawadziwa. Basi, khomo limodzi lokhali analifuna, walitseka yekha ndi pakamwa pake. Posadziwa dzina la sefa m'Chichewa, anatambasula manja n'kuyamba kugwedeza mpweya uku ndi uku ngati akusefa ufa.

Mayi Agnesi anayang'anitsitsa, kenako anaphulika.

"Sefa! Mwana wa eni, mukupempha sefa!"

Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, namukoka Rahima kuti akhale pamphasa.

"Kuno timaomba mfuti, kapena khofi kwa mwana wamwano. Koma kuomba kwabwino ndi uku." Anapinda zikhato naomba m'manja mofatsa. Rahima anatsanzira, manyazi akusungunuka, ndipo m'Chichewa chake chothyokathyoka anawafotokozera za kuomba kwa ku Tanga. Anabwerera atanyamula sefa ndi mtedza wodzaza mbale. Chakumadzulo mbaleyo inawoloka mpanda itadzaza zitumbuwa.

M'mawa mwake Yakubu, yemwe anali atabwerako, akutsegula zitseko za golosale anamva kufuula kumpanda.

"Iwe Rahima! Ndabwera kudzakuomba mchere!"

"Ombani, amayi," anayankha Rahima ali kukhitchini, "koma musandiphe."

Yakubu anaima, loko ali m'manja, osamvetsa kanthu. Phwete linafika kumsewu monga mwa masiku onse, koma tsopano linali la anthu awiri.