Kakapu Kotsala pa Mgonero

Abusa anali atatsegula kale mabuku atatu, koma funso langa linali limodzi. Amuna anga tinali titawaika m'manda Lachiwiri. Zaka makumi anayi ankandiperekeza kutchalitchi n'kutsalira pageti, ati Mulungu ndi nkhani ya anthu oopa mdima. Ndinkafuna kudziwa ngati Mulunguyo ankawakonda.

Abusa anati dzuwa limawalira abwino ndi oipa omwe. Atatembenuza tsamba anati komabe chipata n'chopapatiza. Kenako anayamba za akuluakulu akale amene anatsutsana pa nkhaniyi.

"Abusa, ndasiya zovala pachingwe," ndinatero. "Inde kapena ayi?"

Anavula magalasi. "Mayi, sindikudziwa."

Ndinawathokoza n'kutuluka. Mumtima munangochita dzanzi, ngati chibwano chobayidwa jakisoni.

Kunyumba ndinapeza mwana wanga wamkazi akulongedza zida za bambo ake: nyundo, singano, ulusi, ndi nsapato za eni ake zimene anasiya asanamalize kusoka. Iyeyu kupemphera amandiposa. Anati tisadzinamize, bambo anasankha okha, iye anawachenjeza mpaka pabedi la kuchipatala. Ati anamuseka, n'kumuuza kuti akawapeza panja, poti kudikira anazolowera. Ponena izi ankalira. Ine ndinam'tuma kukabweza nsapatozo.

Lamlungu linali la mgonero. Yothira vinyo m'timakapu ndi ntchito yanga. Ndimalawirira, n'kuwerenga mayina m'kaundula, munthu aliyense kakapu kake. Mlembi wa mpingo atasuzumira m'thireyi anati ndawonjezera kamodzi.

"Agogo, maso ayamba kutha kodi?"

"Asiyeni maso anga, nyamulani thireyi."

Sindinaphonye kuwerenga. Ndinathirira amuna anga, ndipo chimene ndinkayembekezera sindikuchidziwa mpaka lero.

Mapemphero atatha, thireyi inabwerera kukachipinda kotsukira. Timakapu tonse tinali topanda kanthu, kupatula kamodzi ka pakona. Lamulo n'lakuti vinyo wotsala abwerere m'botolo. Ndinatsuka tinzake tonse, kupukuta, kuvundikira. Kenako ndinaima nako m'manja, madzi akungotayika pampopi. Kumwa sindikanatha, sikanali kanga. Kubwezera m'botolo, dzanja linakana.

Ndinakakhazika patebulo, n'kuphimba ndi kansalu koyera kuti ntchentche zisagweremo. Ndinatseka mpopi. Chitseko ndinangochibweza, osakhoma.