Woperekeza Dyness ku Jeremani

Towera ankapinda zovala za mkulu wake, Dyness, pamene Rodwell, mwamuna wa Dyness, analowa m'nyumba yawo ya ku Santry, ku Ireland, akukoka sutikesi yatsopano. Bamboyu anasamukira ku Mulhuddart, dera lina la mzinda womwewo, mkazi wake atangopezeka ndi chotupa cha khansa kuseri kwa diso. Ankati fungo la chipatala limamudwalitsa.

"Ndamva kuti ulendo wa ku Jeremani watheka," anatero akudzikhazika pasofa. "Woperekeza ndine. Mwamuna wake ndilipo."

"Mulipo, alamu?" Towera anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kuchipewa. "Ife timayesa munamwalira osatiuza."

Rodwell anaseka ngati wamva nthabwala, n'kutembenukira kwa Dyness.

"Mayi a Luso, ndawerenga pafoni. Mapulotoni amenewa ndi zapamwamba. Amangowotcha chotupa chokhacho, basi, palibe vuto lililonse. Pawikendi tizikazungulira m'tauni."

Towera anatsonya. Iye ndi amene anakhala pambali pa Dyness tsiku limene dokotala ankafotokoza. Cheza cha mapulotoni chimalowa m'thupi n'kukaima pachotupa osapyola, n'chifukwa chake ankamutumiza kunja, poti ku Ireland makinawo kunalibe. Koma pamene chimaimapo m'pamene chimaluma kwambiri, mwina kuposa mmene madokotala awerengera, ndipo pafupi pomwepo panadutsa mtsempha wa diso. Dyness anavomera akudziwa kuti disolo likhoza kuzima. Pobwerera analira m'basi njira yonse.

Tsopano Dyness anali pampando, atafunda shawelo. Anayankhula motsitsa.

"Bambo a Luso, chotupachi chili mbali iti?"

Rodwell anayang'ana nkhope ya mkazi wake uku ndi uku.

"Si m'mutu kodi?"

"Mbali iti?"

"Kumanja. Eya, kumanja."

"Ha! Wowerenga pafoni!" anatero Towera. "N'kumanzere, alamu. Ngakhale mwana wanu Luso akudziwa."

"Diso limeneli likazima, ndidzafuna munthu woyenda kumanzere kwanga," anatero Dyness. "Potsika masitepe, podutsa msewu, posanza. Ndipita ndi Towera."

"Ndiye anthu kutchalitchi aziti chiyani za ine?"

"Ngati mukufuna kuthandiza, Luso akutsala. Muzikamutenga kusukulu, muzimuphikira, muzigona muno mpaka tibwere."

Rodwell anakanda m'mutu. Anayamba za mashifiti, za bwana wake wovuta, za mabasi a ku Mulhuddart amene sabwera panthawi yake. Towera sanadikire kuti amalize. Anakatsegula chitseko n'kuima pambali, atagwira chigwiriro ndi zala ziwiri.

"Pitani bwino, alamu. Musachedwe, bwana angakwiye."

Rodwell asanamalize n'komwe kutsika masitepe, Dyness anali ataimbira kale Miriam, mnzake wa kuntchito, kumuuza kuti akonze bedi, Luso abwera Lachisanu kudzakhala naye.