Dzina lachiwiri pa chikuto

Chipinda chimene Gunvor ankagwiramo ntchito chinali pansi pa nthaka, chopanda zenera. Chikwama ankachisiya kwa mlonda, n'kutsika ndi pensulo basi. Ntchito yake inali kuwerenga malipoti akale achinsinsi a boma, okhudza kafukufuku wa nyukiliya, n'kugamula ngati tsopano angatulutsidwe kuti aliyense awerenge. Kale owerenga analipo anayi. Atatu anapuma ntchito, koma mipando yawo palibe anaichotsa.

Lolemba m'mawa anatsegula lipoti la masamba makumi asanu, lolembedwa ndi a Sixten Norrby zaka makumi anayi zapitazo. Mkati mwa chikuto munali pepala limene aliyense wowerenga ankayenera kusainapo. Panali dzina limodzi lokha, la eni ake. Boma linasiya kafukufukuyo mwezi womwe lipotilo linamalizidwa, ndipo palibe anadzalitsegulanso.

Gunvor ankawadziwa a Norrby ndi mawu okha. Iwo ndi amene anapempha kuti lipotilo liunikidwe, ndipo Lachisanu loyamba la mwezi uliwonse ankaimba foni ku ofesi ya m'mwamba ali kunyumba yosungirako okalamba. Akazi awo anamwalira osadziwa chimene amuna awo ankachita zaka zonsezo. Tsopano ankafuna kuti mwana wawo Ylva, mphunzitsi wa masamu, aliwerenge iwo akadali ndi moyo.

Lamulo linali losavuta. Ngati zolembedwazo zinafika kale m'mabuku a kuyunivesite, kapena ngati masamu ake ndi olakwika moti sangathandize munthu wofuna kupanga chida choopsa, lipoti lituluke. Choncho Gunvor anakhala masiku anayi akusakasaka cholakwa, akuchifuna ndi mtima wonse. Sanachipeze. Anayesa kuphimba ndime zoopsa ndi timapepala kuti zotsalazo zituluke. Pomaliza panatsala mutu, deti, ndi mzere wothokoza mayi amene analitayipa.

Lachisanu anakwera ku ofesi ya m'mwamba ija, ndipo foni inalira khofi wake asanazizire.

"Mayi a kudzenje," anatero a Norrby. "Mwatuluka kudzaothera dzuwa?"

"Dzuwa liti, bambo? Kunja kukugwa chipale chofewa."

"Basitu ndiuzeni. Ndakhala kale pansi, ndilibe kogwera."

"Lipotilo silituluka. Lidzaunikidwanso pakapita zaka makumi awiri."

Pafonipo, chapatali, Gunvor ankamva wina akukankha kangolo ka mbale.

"Zaka makumi awiri," anatero mkuluyo. "Mundisungire malo pamzere." Kenako anafunsa: "Munafika kumapeto?"

"Ndinafika."

"Tsamba la 41 lija linandidyera miyezi itatu. Ndinalibe woti ndimufunse. Mpaka lero ndikamameta ndevu limandibwerera. Kodi pamenepo..."

"Sindingakambe zimenezo pafoni. Mukudziwa."

"Ndikudziwa, mwanawe. Lumbiro losunga chinsinsi limenelo ndinasaina inu muli kumsana." Kenako mawu awo anatsika. "Komatu likanakhala lolakwika, mukanalitulutsa."

Gunvor anangoyang'ana khofi wake. A Norrby anayamba kuseka, kusekako n'kusanduka chifuwa, ndipo iye anadikira mpaka chitaleka.

"Nanga Ylva ndimuuza chiyani? Kuti bambo ake analemba chinthu chabwino kwambiri moti iye sangachione? Angoti nkhalamba yayamba kubwebweta."

"Muuzeni kuti pali munthu amene anawerenga lonse. Masiku awiri anaiwala kudya masana."

"Zimenezo n'zololedwa kunena?"

"Nkhomaliro yanga si chinsinsi cha boma."

Panalibe wofuna kuyamba kudula foni.

"Ndiye mwezi wamawa palibenso choimbira," anatero a Norrby.

"Nkhaniyo yatsekedwa." Gunvor anazengereza. "Koma Lachisanu ndimakhala pafupi ndi foni mpaka 3 koloko."

"Tiona ngati manesi andikumbutsa."

Atatsikiranso pansi, anachotsa timapepala tonse, kamodzikamodzi, mpaka masamba anaonekanso athunthu. Anatsegula pa tsamba la 41 n'kuliwerenganso, ngakhale panalibe chifukwa. Kenako anabwereka cholembera kwa mlonda, popeza pensulo siloledwa posaina. Pansi pa dzina la a Norrby, limene inki yake inali itafuwa, analemba lake ndi deti.

Pepalalo linali ndi mizere makumi atatu. Anamanga chikuto ndi chingwe chake, n'kukachibweza m'bokosi.