Buluku la pa Chipale

Ine Agatha pakamwa panga sipakhala chinsinsi, ndipo tsiku limenelo ndinatsala pang'ono kuphetsa ukwati wa mng'ono wanga.

Munali mu 1989. Millicent, mng'ono wangayo, anali ku Canada kosula unamwino. Kalata yake inandipeza mumsika, pa benchi langa la usipa. Analemba kuti kumeneko kumagwa chipale chofewa ngati ufa wa kondowole, ndipo anthu amamangirira mapazi onse awiri pathabwa limodzi n'kumatsetsereka kuchokera pamwamba pa phiri. Ena amangofuna liwiro, kukhotakhota pakati pa timbendera. Ena ndi a matama, amadumpha n'kuzungulira m'malere atagwira thabwa ndi dzanja. Ndiye pali amisala enieni, osiya njira yokonzedwa n'kulowa m'mitengo momwe simunapite munthu. "Ine ndidakali m'gulu la ogwa," anatero.

Ndinaseka mpaka misozi. M'envelopumo munalinso chithunzi, ndipo ine chitsiru ndinachikweza m'mwamba. "Bwerani mudzaone za kunja!"

Amayi a matemba ndi a chinangwa anaunjikana. Ndili mkati monyadira, ndinaona chimene ndinayenera kuona poyamba. Mayo ine! Millicent anali ataima pathabwa lija, atavala buluku. Masiku amenewo lamulo linkaletsa mkazi kuvala buluku, ndipo wophunzira wotumizidwa ndi boma akamveka kuti wataya mwambo, ntchito ikanatha kumuthera asanaiyambe.

Ndisanabise, dzanja lina linachitenga. Anali Ada Weston, bambo amene anali wapampando wa chipani m'dera lathu, munthu wosaphonya kanthu.

"Ameneyu ndani?"

Nkhope sinkaoneka. Chimagalasi chakuda, chipewa mpaka m'makutu, chijekete ngati thumba la chimanga.

"Ndi... mnzake wa Millicent. Mwamuna," ndinatero.

"Ehe! Mwamuna? Ndiye mtsikana wotomeredwa akutumiza zithunzi za amuna?"

Amayi aja anayamba kugwirana m'nthiti. Ndipo ngati wachita kuitanidwa, anatulukira Yona, mphunzitsi amene anatomera Millicent, atanyamula kabasiketi kake kodzagulira ndiwo. Mtima wanga unagwa. Ndikanena zoona, ntchito ya mng'ono wanga yapita. Ndikapitiriza bodza, banja lapita.

"Aphunzitsi, taonani amene akukusungirani mkazi ku Canada," anatero Ada Weston.

Yona anachiyang'ana nthawi yaitali, ine thukuta lili kamukamu. Kenako anatsokomola.

"Ndi mwamunadi ameneyu. Chimzungu chachitali bwino."

Msika wonse unaphulika. "Akulandani, aphunzitsi! Mudzakwatira thabwa!" Ada Weston anaseka mpaka kutsamira benchi langa, anamusisita Yona paphewa momupepesa, n'kumapita akupukusa mutu.

Anthu atabalalika ndinalephera kumuyang'ana kumaso. Ndinamuthirira usipa wambiri m'basiketi.

"Alamu, ndikufotokozereni..."

"Musavutike," anatero motsitsa mawu, akulowetsa chithunzicho m'thumba la malaya. "Mukamamuyankha mumuuze azipinda mawondo. Waima chilili, matako kumbuyo, mmene ankaimira m'bwato la bambo anu. N'chifukwa chake ankangogwera m'madzi."

Ndinangoti kukamwa yasa. "Ndiye mwamuzindikira?"

"Mkazi wanga ndingamusowe chifukwa cha magalasi?"

"Nanga anthuwa? Akusekani mpaka liti?"

"Millicent abwera mu Juni. Miyezi isanu si yambiri."

Ndipo anamusekadi, abale. Kusukulu, kutchalitchi, ngakhale kudoko pofika sitima, ankamufunsa za mzungu wake. Iye ankangovula chipewa n'kuyankha kuti mzunguyo ali bwino, akupereka moni.

Ine ndinamukonda mlamu wanga kuyambira tsiku limenelo, ndipo kalata yoyankha ndinailemba madzulo omwewo. Ndinati: pinda mawondo, usatumizenso zithunzi, ndipo mwamuna uyu ukamusiya ndidzakumenya ndekha.