Zidole za m'Kabati ya Maynard

Inu odziwa kuwerenga, tandiuzani: mawondo ali nawo koma sanapempherepo, anachoka ku Joni opanda pasipoti, sadya, sapuma, koma anauika mudzi wonse m'madzi kuseri kwa Biriwiri. Ndani? Mwalephera, ndibaireni ng'ombe. Ndi zidole za malemu Maynard.

Maynard anagwira ntchito zaka zambiri m'sitolo ya zoseweretsa ku Joni. Anzake pobwerera ankabwera ndi njinga zamoto, iye anabwera ndi zidole zapulasitiki makumi awiri, zotalika ngati chikhatho, zopindika m'khosi, m'zigongono ndi m'mawondo. Zina asilikali, zina ogwetsana a minofu ngati mbatata ya ku Tsangano, zina zovala zigoba kumaso. Anaziimika m'kabati yagalasi pabalaza, ndipo sankalola munthu kuzikhudza, ngakhale mkazi wake Jessie.

Tsiku lachiwiri chimuikire m'manda, Jessie akusesa anaona kuti msilikali amene ankayang'ana kuzenera watembenuzira mutu kuchipinda. Anati mwina maso atopa ndi kulira. Mawa lake china chinali chitagwada. Tsiku linalo mkono wa chachigoba unali utatsika, chala chikuloza mpando umene Maynard anakomokerapo. Izi anaziona ndi maso ake Mervis, mlongo wa malemu, ndipo pofika masana amayi kumjigo ankadikira kuti Jessie achoke kaye asanatule zidebe.

Jessie kwawo ndi ku Bwanje, kuno anabwera pa chitengwa, ndipo mwana sanabereke. Anthu anayamba kunong'ona kuti ana akewo ndi omwe ali m'kabatiwo. Akabwerera kwawo ndi dzina la ufiti, ndani akanamutsegulira chitseko? Choipa n'chakuti iyenso ankaziopa. Podutsa pabalaza ankayenda chambali ngati nkhanu.

Atatha kumeta, abale anakhala pabalazapo dzuwa lili paliwombo, malata akuthetheka ndi kutentha. Aliyense anasankha pokhala posapenyana ndi galasi.

"Alamu, tiuzeni zoona," anatero Fabiano, mkulu wake wa malemu. "Mumazidyetsa chiyani?"

"Sindinazikhudzepo, alamu. Mwiniwake ankaima pamenepo m'mawa uliwonse. Ine ndinkangoona msana wake."

"Ndiye mwiniwake wapita," Mervis anayankhula chapansipansi. "Zikusankha wina."

Wina anakhosomola. Mayi wina anakokera mwendo wake m'chitenje.

"Izi n'zazing'ono kwa ine," anatero Fabiano akukwinya malaya. "Kumgodi ndinagwirapo tokoloshi, ndondocha ya ku Joni, pakhosi ndi dzanja lomweli, anzanga onse atathawa. Lero ndizitentha. Koma wozilera sagonanso m'mudzi muno. Nyumba ino ikufuna munthu wolimba mtima, agonemo mpaka izizire."

Munthu wolimba mtimayo dzina lake simufunika kuuzidwa.

Fabiano anatsegula kabati. Munatuluka kafungo kotsekemera kamene palibe anakazindikira. Anatambasula dzanja kulinga chachikulu pa zonse, chachifuwa chotumbuka. Asanachikhudze, chinthucho chinayamba kuweramira kutsogolo, pang'onopang'ono, maso ake openta ali pa iye. Mervis anagwira pakamwa. Chinagwera pamkono wa Fabiano, ndipo zala zake zopindika zinakola lamba wa wotchi.

Anakutumula dzanja. Sichinachoke. Anakutumulanso. Bambo wa kumgodi uja analumpha miyendo ya anthu atatu, n'kuwomba mphumi pamphuthu, n'kukagwa chagada pakhonde.

"Maynard mng'ono wanga, ndileke! Nyumba sindikuifunanso. Wogula malata uja ndikamuuza asabwere."

Palibe anaseka. Onse ankayang'ana kabati yotsegukayo, kudikira chachiwiri kuti chitsike.

Jessie anaimirira n'kupita pakabati paja. Anati ngati n'kufa, afere pomwe ankaima mwamuna wake. Pamene panaima chidole chija panatsala timadontho tiwiri tonyezimira. Anakhudza, n'kununkhiza. Phula la njuchi, losungunuka. Pakona panali kachitini ka polishi kodzaza phula, chala chachikulu cha Maynard chitadinda pakati pake.

"Si mizimu," anatero. "Ndi kutentha kwa malata. Phula limafewa masana, zimapendekeka. Mwiniwake ankazimata tsiku lililonse."

Apo m'pamene anaziyang'anitsitsa koyamba. Palibe chimene chinaima chilili ngati mtengo wa magetsi. China chinatsamira mwendo umodzi, dzanja pakamwa, ngati munthu wobwera ndi nkhani yotentha: Mervis weniweni. Kutsogolo kunali chimodzi chokhala pansi, mutu utapendekera kuphewa, monga amakhalira Jessie akamasankha nyemba. Chimenecho chinali chisanasunthe n'komwe. Phula lake linali lochindikala kuposa la zonse.

Anatuluka ndi kachitini kaja, n'kugwada pafupi ndi Fabiano.

"Bweretsani dzanja, alamu."

Jessie anakolowola chidole chija pawotchipo, n'kufewetsa phula ndi zala, n'kuchiimika pakhonde monga ankachionera zaka zonsezi: chifuwa patsogolo, chibwano m'mwamba, dzanja m'chiuno, koma phazi lamanzere litapotokera kokhala njira yothawira.

Fabiano anali atadzuka, akusasa fumbi.

"Ndimafuna ndione ngati mungalimbe mtima," anatero, n'kuika dzanja m'chiuno, chifuwa patsogolo.

Mervis anayang'ana chidole, anayang'ana mlongo wake, kenako anayang'ana phazi lake lamanzere.

"Achimwene," anatero, misozi ikutsika, mapewa akugwedezeka, "Maynard anakuonani bwino."

Chiseko chinayambira pakhonde n'kukafika kwa amayi a kuseri. Fabiano anayang'ana pansi, n'kubweza phazilo msangamsanga, ndipo anthu anachita kugwirana kuti asagwe.