Khoma la Aphunzitsi Dafalla

Amuna anga, a Dafalla, anaphunzitsa pa sukulu ya anyamata ya ku Um Sidra mpaka imvi zinadzaza mutu. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa ndi zomwe zinatigwetsera nyumba. Akanakhala ogulitsa anyezi bwenzi lero ndikugona kwanga.

Mudzi wathu uli m'mbali mwa Nailo. Chaka chilichonse madzi akadzaza, mtsinje umafukula dothi kunsi, gombe n'kugumuka. Unayamba ndi munda wa anyezi wa a Babikir, oyandikana nafe, kenako unalowa mu kanjedza wathu. Chofunika chinali khoma la miyala, ndipo izi ankazidziwa ngakhale abulu. Pa nthawi ya chisankho amuna a m'mudzi anabwera, anamwa tiyi wanga, n'kunena kuti Aphunzitsi ndiwo apite ku nyumba ya malamulo ya chigawo chathu. Ati theka la aphungu kumeneko linadutsa m'manja mwawo, palibe angawakanire. Anapambana mosavuta. Wopikisana nawo anali mwana wawo wa sukulu, ndipo nayenso anavotera iwo.

Ndinawasitira mkanjo woyera ndi nduwira, anakwera basi.

Tsiku loti anene za khoma anaimirira n'kuti, "A Sipikala." Analekera pomwepo. Sipikala anali Gasmalla, yemwe ankakodzera pa benchi ali m'kalasi loyamba. Kwathu mphunzitsi wako akaimirira iwe sukhala pansi, kaya ndevu zako zafika pa mchombo. Gasmalla anadzuka. Aphungu ataona Sipikala waima, onse anaima. Iye anatsika, anawapsompsona pamutu, n'kuwagwira mkono.

"Aphunzitsi, inu kupempha ife? Mukufuna atiseke anthu? Khalani pansi, nkhani yanuyo yatha kale."

Anabwerera kumudzi akumwetulira, ati ana aja analeredwa bwino. Ndinafunsa ngati anavota. Ati sanavote, chifukwa nkhaniyo sanafike poitchula. Ndinafunsa kuti nanga yatha kaleyo ndi nkhani iti. Anati ndisamafunse ngati woyendera masukulu.

Zinapitirira choncho. Akaimirira, nyumba yonse chilili, kuwapsompsona pamutu, kuwakhazika pansi. Aphungu ena ankakuwa, kutukwanizana, kumenya matebulo, ndipo kwawo kunkapita mijigo ndi misewu. Phungu wina wogulitsa ngamira, woti sanaonepo mkati mwa kalasi, anagenda mnzake ndi nsapato, n'kumangiridwa mlatho pamalo pomwe madzi amadutsa kamodzi pa chaka. Amuna anga anawapatsa mpando wa pansi pa fani, ndipo tiyi ankayambira iwo.

Ndinawauza kuti akuwe nawo. Anandiyang'ana ngati ndawauza kuti avine. Ati moyo wawo wonse akhala akumenya ana olankhula pamene wina sanamalize, ndiye sangadule mawu munthu amene akuwapatsa ulemu. Ndinati basi lankhulani muli khale, asapeze choimirira. Anayesa. Lamulo la kumeneko limati phungu alankhule ataima. Gasmalla ataona Aphunzitsi akuyankhula ali pampando anaganiza kuti miyendo yawalephera. Anaimitsa zokambirana, anawanyamula anthu anayi mpaka m'galimoto, ulendo wa kuchipatala. Adokotala analinso mwana wawo wa sukulu. Anawagoneka sabata yathunthu.

Uku mtsinje sunali mwana wa sukulu wa munthu aliyense. Unamaliza kanjedza, unatenga khola la mbuzi, unatenga chimbudzi. Chisankho china chitafika anthu anawasankhanso, ati n'zamanyazi kugwetsa mphunzitsi. Chaka chimenecho khitchini inapita, chiwaya changa chophikira kisra, buledi wathu wopyapyala, chili momwemo.

Amuna anga anamwalira masana, atangodya, nduwira ili pa bondo. Nyumba yonse ya malamulo inabwera pa maliro ndi magalimoto. Anadzaza tenti, anakweza manja kuwerenga pemphero la Fatiha, anadya nkhosa ziwiri. Ine ndinali kuseri pa mphasa, nditavala zoyera, kuyamba miyezi ya kubindikira yomwe mkazi wamasiye saonana ndi amuna achilendo. Gasmalla anabwera n'kuima kuseri kwa mpanda wa bango. Analira ndithu, ndinamumva akumina. Kenako anafunsa kuti, "Mayi Sitana, kodi Aphunzitsi panali chimene ankafuna? Chilichonse, tichita."

Sankaseka ayi. Sankadziwa.

"Gasmalla, ine sindinakuphunzitse. Khala pansi."

Anakhala, pa dothi pomwepo, ndi mkanjo wake wa mtengo wapatali. Ndinamuuza kuti atembenuke aone pomwe panali khitchini. Ndinamuuza za khoma la miyala, pomwe liyambire ndi pomwe lithere. Anamvetsera bwino. Atatero anafunsa kuti nanga bwanji Aphunzitsi sankanena zaka zonsezi. Zomwe ndinayankha sindilemba. Alamu anga aakazi anandigwira pakamwa, ati pa maliro sitinena zotero.

Koma nkhani inalowa m'nyumba ya malamulo, ndipo anaikambirana tsiku lonse. Anakambirana dzina. Ena ankafuna Khoma la Aphunzitsi Dafalla, ena ankati liyambe ndi mawu akuti Malemu. Anavota, opanda Malemu anapambana, onse anawomba m'manja. Za miyala anati aziona chaka chamawa.

Chikwangwani chinabwera msanga, chachitsulo, chobiriwira, zilembo zoyera. Anachizika pa gombe kuseri kwa chipinda chathu chogona. Gasmalla anadula riboni, anajambulitsa, anapita.

Madzi anadzaza mu Ogasiti. Nditaona mng'alu pa khoma la kuchipinda ndinaitana mwana wanga Nafisa ndi mwamuna wake, tinatulutsa bedi, mbaula ndi mabuku a malemu. Nyumba inagwa tikumwa tiyi pabwalo la a Babikir. Sinachite phokoso lambiri.

Pano ndikukhala kwa Nafisa, m'chipinda chimodzi ndi matumba a nyemba. Chikwangwani asodzi akuti anachiona kumunsi, chitakodwa m'mabango, dzina lili bwinobwino.