Dzina la Zelipa pa Tsamba Loyamba

Mu 1943 ku Kitwe kunali kanyuzipepala ka masamba anayi kotuluka Loweruka, theka m'Chinyanja, theka m'Chibemba. Mwini wake anali mzungu wa ku Ndola amene sankaoneka kawirikawiri, choncho zonse ankayendetsa mkonzi, Bambo Horace Chisale, mkulu wa mpingo wa Pulesibiteriyani, munthu wovala jekete ngakhale mu Okutobala. Mtolankhani anali mmodzi yekha, Kingsford Mbewe wa ku Dedza, amene kale anali kalaliki pamgodi.

Bambo Chisale ankasamala chinthu chimodzi kuposa zonse: chiganizo choyamba cha nkhani. Ankati anthu a m'komboni ambiri sadziwa kuwerenga, amasonkhana ku holo ya mowa wina n'kumawawerengera, ndipo asanafike pa chiganizo chachiwiri theka la iwo layamba kale kukangana za mpira. Choncho choyambacho chinene ndani, wachita chiyani, kuti ndiponso liti, basi. Kingsford akalemba zozungulira, iwo ankaziwerenga mokweza pamaso pa osindikiza, mochita kukoka mawu, mpaka onse aseke.

Kingsford anali ndi mlongo wake, Zelipa, amene anabwera kudzamusungira nyumba. Akazi awo a Bambo Chisale atamwalira, bambowo anatuma mawu ofunsira Zelipa. Iye anakana, ndipo pampopi anauza amayi anzake kuti sangakwatiwe ndi munthu wofanana zaka ndi malume ake. Mawuwo anayenda mpaka anawapeza eni ake. Patapita miyezi, Zelipa anasamukira kwa Evaristo Tembo, Mkatolika wa ku Fort Jameson, wogwira ntchito pansi mumgodi. Chikalata cha ukwati analibe, chifukwa amalume kumudzi anakana kuvomereza mkamwini wa mpingo wina.

Lachinayi lina m'mawa apolisi a m'komboni analowa khomo ndi khomo kufunsa zikalata za ukwati. Mkazi wopanda chikalata ankamutenga kuti abwezedwe kwawo. Bambo Chisale anatuma Kingsford kukaona. Iye anapeza amayi atawakhazika padzuwa kuseri kwa ofesi ya komboni, ena ndi ana kumsana, ndipo pakati pawo panali Zelipa, manja akadali ndi thovu la sopo. Sanayankhulane, chifukwa wapolisi wa Chibemba anamuthamangitsa ndi ndodo.

Atabwerera ku ofesi analemba chonchi: “Monga kudziwika kuti nkhani ya maukwati m'makomboni yakhala yovuta kwa nthawi yaitali, ndipo maganizo a anthu ndi osiyana, Lachinayi kunachitika zina zokhudza amayi angapo.”

Bambo Chisale anawerenga osaseka. Anafunsa kuti zinazo n'ziti, ndipo wazichita ndani. Kingsford analembanso kuti apolisi agwira amayi ambiri opanda zikalata. Mkonziyo anagwedeza mutu, nati tsopano zayamba kumveka, koma “amayi ambiri” si munthu. Wowerenga amafuna dzina loti alidziwe. Anati amva kale kwa kapitawo wa komboni kuti pagululo pali dzina lodziwika bwino mumpingo.

Kingsford anaimirira. Anapempha kuti dzinalo lisalowe. Anati Evaristo wapita kale kwa wansembe, ndipo wansembeyo walonjeza kukaonana ndi bwana wa komboni kuti Zelipa amasulidwe mwakachetechete.

“Ndi mlongo wanga, bambo,” anatero. “Ndiponso ali ndi pakati.”

Bambo Chisale anavula magalasi n'kuwapukuta. “Zimenezo sindimazidziwa,” anatero. “Zilowenso. Ndiye mutu wa nkhaniyo umenewo.”

Anamufotokozera modekha, ngati akuphunzitsa kalasi ya ubatizo, kuti nyuzipepala siyang'ana chibale. Akakana kulemba, iwo alemba okha, ndipo Kingsford atuluke osabweranso. Munthu wopanda ntchito m'tauni muno chitupa chake chimamupereka, lole yomwe ibweze Zelipa kumudzi idzatenga awiri.

Kingsford anakhala pansi. Anayesa kuika dzinalo kumapeto kwa chiganizo; anamuuza kuti libwere kutsogolo. Analemba “wokhala ndi Evaristo Tembo”. Anamuuza kuti mayina awiri amasokoneza womvera, alembe “wopanda mwamuna”. Pamene analemba “ndi amayi ena opanda zikalata za ukwati”, anamufunsa ngati palibe mawu afupi amene anthu amanena pamsika. Osindikiza anali atasiya ntchito, akumvetsera. Dzuwa likupendeka, chiganizo chinali chitatsala chonchi: “Apolisi agwira Zelipa Mbewe, wapakati wopanda mwamuna, pamodzi ndi akazi ena oyendayenda m'komboni ya Kitwe Lachinayi.”

Bambo Chisale anachiwerenga mokweza, namuyamikira Kingsford pamaso pa onse kwa nthawi yoyamba. Anati palibe liwu lochotsa, ndipo analamula kuti dzina la wolemba lisindikizidwe pansi pake, zimene sankachita.

Loweruka nyuzipepala inatha isanafike nthawi ya nkhomaliro. Ku holo ya mowa anaiwerenga mobwereza, wina n'kumamasulira m'Chibemba. Wansembe atafika kwa bwana wa komboni anapeza pepalalo lili pathebulo. Bwanayo anati akanatha kutulutsa mkazi mmodzi wosadziwika, koma uyu tauni yonse yamumva; akamumasula, amuna a enawo adzadzaza pakhomo pake.

Lole inanyamuka Lolemba. Kingsford anapita ndi kamtolo ka zovala ndi buledi. Evaristo sanaloledwe kujomba, anali pansi mumgodi. Zelipa anakhala pakona ya lole, atatsamira mitolo ya katundu wopita kummawa, ndipo umodzi mwa mitoloyo unali wa nyuzipepala zomwezo, zimene anthu a ku Nyasaland ankatumiza kwa abale awo. Analandira zovala, buledi anamubwezera.

“Anandiwerengera m'chitolokosi, achimwene,” anatero. “Mwalemba zomveka. Ngakhale osadziwa Chinyanja amva.”

Ku Dedza pepalalo linafika m'manja mwa akulu a mpingo tsiku lomwe Zelipa anafika. Anamuimitsa kutsogolo kwa tchalitchi, mphunzitsi n'kuwerenga chiganizocho, ndipo pamene iye anati mwamuna ali naye, anamuonetsa dzina la mlongo wake Kingsford lili pansi pa nkhaniyo. Mwana anabadwa m'nyengo ya mvula ndipo sanakhale sabata. Kingsford anamva zimenezi kwa munthu wodzafuna ntchito, amene anazinena ngati nkhani wamba, osadziwa kuti akuuza ndani.

Kingsford sanasiye ntchito. Lamulungu ankakhala pabenchi lachitatu, Bambo Chisale akupereka mapemphero.

Evaristo anakumana ndi Kingsford kamodzi pamsika, pa malo ogulitsira tinsomba ta kapenta. Kingsford anaima, akuyembekezera kumenyedwa, ndipo mwina akanakondwa. Anamupatsa moni m'Chinyanja, namutchula kuti alamu. Evaristo anamuyang'ana pang'ono, nayankha m'Chibemba, mwaulemu, monga amayankhira munthu aliyense wosamudziwa m'tauni. Kenako anafunsa mayi wogulitsayo ngati kapentayo ndi wa Mpulungu.